Mmene kudandaula pa intaneti kumasandukira mlandu

Munthu wokhala mumzinda sasowa chodandaula, chifukwa moyo wake uli m'manja mwa anthu omwe sawadziwa. Madzi amabwera m'mipope ya ena, magetsi amayatsa ndi kuzimitsa ndi ena, zinyalala zimadikira galimoto ya khonsolo, nyumba ndi ya lendi, ndipo kuti akafike kuntchito ayenera kudutsa pamsewu pomwe pali maenje, madalaivala aliwiro ndi apolisi. Chimodzi chikangosokonekera, tsiku lonse lawonongeka. Kuyambira kale anthu am'mizinda akhala akutulutsa mkwiyo wawo ndi pakamwa: podikira basi, pamzere wa kubanki, kometetsa. Mawuwo ankathera pomwepo. Wamva wamva, ndipo kukacha panalibe woti n'kubwereza ndendende zomwe zinanenedwa.

Lero madandaulo omwewo akulembedwa pa Facebook, pa X, pa TikTok ndi m'magulu a WhatsApp. Wolembayo mumtima mwake amaona ngati akucheza ndi anzake basi. Malamulo samuona choncho. Kwa woweruza, iye wafalitsa nkhani, ndipo akhoza kufunsidwa mafunso omwe kale ankafunsidwa akonzi a nyuzipepala okha, anthu omwe anali ndi maloya owawerengera nkhani isanatuluke. Kusiyana kumeneku, kwa mmene wolemba amadzionera ndi mmene lamulo limamuonera, n'komwe kwagwetsa anthu wamba ambiri m'mavuto, m'mayiko olamulidwa mwankhanza ngakhalenso m'mayiko omwe amadzitama ndi ufulu.

Pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu, sipafunika kuti nkhani ituluke pa wailesi kapena m'nyuzipepala. Chofunika n'chakuti mawuwo afike kwa munthu wachitatu. Mukauza mwini nyumba pamaso kuti ndi wakuba, muli awiriwiri, mwamunyoza ndithu koma simunamuipitsire mbiri kwa wina aliyense. Mukalemba mawu omwewo pa gulu la anthu a m'dera lanu, mwafalitsa, kaya gululo ndi la anthu 5 kapena 200. Ndipo cholembedwa chimakhala ndi tsiku, nthawi ndi dzina, komanso chimapita komwe mwini wake sanachitume.

Prita Mulyasari wa ku Indonesia anaziona zimenezi. Mu 2008 analembera anzake imelo yodandaula za chithandizo chomwe analandira pachipatala china cholipira mumzinda wa Tangerang, kufupi ndi Jakarta. Anzakewo anapatsira ena, enawo anapatsiranso ena, mpaka inafika kwa eni chipatala. Mu 2009 anamangidwa pa lamulo la mauthenga a pa intaneti lomwe dzikolo linakhazikitsa mu 2008, ndipo anakhala m'ndende pafupifupi masabata atatu atasiya ana aang'ono kunyumba. Pa mlandu wina wofuna chipukuta misozi, khoti linamulamula kulipira ma rupiah 204 miliyoni. Anthu zinawapweteka, nayamba kusonkha makobidi kuti amulipirire, ndipo anasonkha zoposa zomwe zinkafunika. Komabe dzina lake linayeretsedwa kotheratu ndi khoti lalikulu la dzikolo mu 2012, patadutsa zaka 4 chilembereni kalata ija.

Kunena zoona sikukwanira nthawi zonse

Mlandu woipitsa mbiri umayenda njira ziwiri, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa. Njira yoyamba ndi yoti wonyozedwayo akusumireni yekha, kufuna chipukuta misozi kapena kuti mupepese ndi kufufuta zomwe munalemba. Apa apolisi salowererapo, koma mukhoza kutaya ndalama zambiri. Njira yachiwiri ndi yoti boma lenilenilo likuzengeni mlandu ngati wopalamula: kumangidwa, chitolokosi, belo, mwinanso ndende. Mayiko ena ali ndi njira yoyamba yokha, ena ali nazo zonse ziwiri, ndipo munthu mmodzi akhoza kukokedwera kuwiri pa uthenga umodzi, monga zinamuchitikira Prita.

Anthu ambiri amadzilimbitsa mtima ponena kuti, "Ine ndanena zoona, ndiye ndiope chiyani?" N'zoona kuti pafupifupi kulikonse choonadi chimateteza munthu. Vuto lili pakuti ndani ayenera kuchitsimikiza. M'mayiko ambiri omwe malamulo awo anachokera ku England, wodandaula sayenera kuonetsa kuti munanama. Ndinu muyenera kuonetsa kuti munanena zoona, ndipo muyenera kutero ndi umboni womwe khoti lingaulandire. Dera lonse likhoza kudziwa kuti mkulu wina kuofesi yopereka ziphaso amalandira ziphuphu. Koma tsiku la mlandu, ndani mwa omwe anamupatsa ndalama adzaimirire n'kuvomera kuti anapereka chiphuphu, podziwa kuti kuperekako nakonso ndi mlandu? Chomwe aliyense akudziwa chimakhala chovuta kwambiri kuchitsimikiza, ndipo mumatsala nokha.

Ku United States zinthu zinatembenuka mu 1964 pa mlandu wa New York Times ndi Sullivan. Khoti lalikulu linagamula kuti wogwira ntchito ya boma sangapambane pokhapokha ataonetsa kuti wolembayo ankadziwa kuti akunama, kapena sanasamale n'komwe zoti afufuze. Ku South Korea kuli mbali ina: ndime 307 ya malamulo a milandu imalola kuti munthu alangidwe mpaka zaka 2 m'ndende ngakhale zomwe ananena zili zoona, pokhapokha zitaoneka kuti anazinena pofuna kuthandiza anthu onse. Khoti loona za malamulo oyendetsera dzikolo linasunga ndimeyi mu 2021. Choncho mawu amodzimodzi, onena za sitolo kapena bwana wakuntchito, akhoza kukhala otetezedwa mumzinda wina ndi kukhala mlandu mumzinda wina.

Chitetezo china ndi chakuti munangonena maganizo anu. Apa mpamene pali malire opyapyala omwe anthu amawadumpha osazindikira, makamaka mkangano ukatentha m'ndemanga. Mu Seputembala 2023 mayi wina wa ku Lagos analemba pa Facebook kuti tomato wa m'chitini yemwe anagula anali ndi shuga wambiri. Awo anali maganizo a wogula. Wina atamudzudzula m'ndemanga kuti akuwononga bizinesi ya m'bale wake, iye anayankha mokwiya ndi mawu omwe kampaniyo inawamva ngati akunena kuti katundu wawo akupha anthu. Patangopita masiku ochepa anamangidwa n'kutengedwa kupita ku Abuja, ndipo kampaniyo inamusumiranso kufuna ma naira 5 biliyoni. Ine ndimaona kuti kumanga munthu pa nkhani yotere kunali kupyola muyeso, ndipo Anaijeriya ambiri ananena chimodzimodzi. Koma nkhaniyi ikuonetsa pomwe msampha umakhala. Kunena kuti "sindinakonde" kapena "ndinadikira maola atatu osathandizidwa" n'kufotokoza zomwe munamva ndi kuona. Kunena kuti "akuba", "akupha anthu", "anagula satifiketi" n'kuneneza munthu mlandu, ndipo pamenepo khoti lifuna umboni.

Palinso kusiyana kwa mphamvu. Kampani yaikulu kapena munthu wachuma safunika kupambana mlandu kuti akutsekeni pakamwa. Kalata imodzi ya loya, yotchula ndalama zomwe simudzazipeza moyo wanu wonse, imakwana kuti mufufute ndi kupepesa. Milandu yoopsezera yotereyi yachuluka moti European Union mu 2024 inakhazikitsa lamulo lothandiza makhoti kuitaya msanga, ndipo zigawo zambiri za United States zili ndi malamulo ofanana nalo.

Malamulo opanda mpanda

Kuipitsa mbiri, ngakhale kuli ndi mavuto ake, kuli ndi malire odziwika: pali munthu wonyozedwa, pali mawu, pali njira zodzitetezera. Oopsa kwambiri ndi malamulo omwe mawu ake ndi otambalala moti chilichonse chikhoza kulowamo. Amaletsa uthenga "wokhumudwitsa", "wosowetsa mtendere", "wabodza", "wodzetsa mantha" kapena "wonyoza". Koma dandaulo lililonse limakhumudwitsa wodandaulidwayo. Ndiye amene amasankha kuti uyu wapalamula, uyu ayi, ndi wapolisi amene walandira lipoti, kapena munthu wamphamvu amene wamuimbira foni.

Mu Novembala 2012 mzinda wa Mumbai unaima chifukwa cha maliro a mtsogoleri wandale Bal Thackeray. Masitolo anatsekedwa, magalimoto sanayende. Mtsikana wina wa ku Palghar, kufupi ndi mzindawo, analemba pa Facebook kufunsa chifukwa chomwe mzinda wonse uyenera kutsekedwera munthu mmodzi akamwalira. Mnzake anangodina "like". Onse awiri anamangidwa. Imodzi mwa ndime zomwe anawamangira inali 66A ya lamulo la zamakompyuta, yomwe inkapereka chilango chofika zaka 3 kwa wotumiza uthenga wokhumudwitsa kwambiri kapena wosautsa. Wophunzira zamalamulo wina, Shreya Singhal, anakatsutsa ndimeyi kukhoti lalikulu la India, ndipo mu Malichi 2015 khotilo linaithetsa. Chifukwa chake chinali chomveka kwa aliyense: lamulo liyenera kuuza munthu momveka chomwe chaletsedwa, kuti adziwe asanachite. Chokhumudwitsa uyu sichikhumudwitsa uyo.

Ku Cairo mu Meyi 2018, Amal Fathy anaika vidiyo pa Facebook yodandaula za nkhanza zomwe amayi amakumana nazo mumzindawo, akufotokoza zomwe zinamuchitikira iye mwini, ndi kudzudzula boma kuti silikuteteza amayi. Anamangidwa patangopita masiku awiri, ndipo anagamulidwa zaka 2 pa mlandu wofalitsa nkhani zabodza. Taonani mmene lamulo la "nkhani zabodza" limagwirira ntchito likakhala m'manja mwa boma lokha: yemwe akudandaulidwa ndi yemwenso akugamula ngati dandaulolo ndi loona.

Tisaganize kuti izi n'za mayiko ankhanza okha. Mu Januwale 2010 chipale chofewa chinatseketsa bwalo la ndege la Robin Hood kufupi ndi Doncaster ku England. Paul Chambers, yemwe ulendo wake unali pachiopsezo, analemba pa Twitter nthabwala yaukali yoti aphulitsa bwalolo ngati salikonza msanga. Ngakhale ogwira ntchito pabwalopo sanaone ngati n'chiopsezo chenicheni, Chambers anamangidwa, napezeka wolakwa, nalipitsidwa pafupifupi £1,000, ntchito n'kumuthera. Khoti lapamwamba linafafaniza chigamulocho mu Julayi 2012. Nthabwala imadalira nkhope ndi mawu a woinenayo, ndipo ikawerengedwa papepala m'khoti zonsezo palibe.

Kumapeto kwenikweni kuli malamulo oteteza atsogoleri ndi chitetezo cha dziko. Ku Thailand ndime 112 imapereka zaka 3 mpaka 15 pa uthenga uliwonse wonyoza mfumu, ndipo zakazo zimaphatikizidwa. Mu Januwale 2021 mayi wina yemwe kale ankagwira ntchito m'boma anagamulidwa zaka zoposa 43 chifukwa chogawa pa intaneti mawu ojambulidwa ndi munthu wina. Ku Turkey kunyoza pulezidenti kumafikitsa munthu zaka 4. Ku Russia, kuyambira Malichi 2022, kufalitsa zomwe boma lati n'zabodza zokhudza asilikali kungafikitse zaka 15. Ku Hong Kong lamulo lakale la atsamunda loletsa kuutsa mtima woukira boma linafukulidwa mu 2020, ndipo anthu wamba anamangidwa nalo chifukwa cha zolemba pa masamba a mchezo.

"Sindinalembe ine, ndinangogawa"

Pa funso loti wongogawa zolemba za wina ali ndi mlandu kapena ayi, mayiko sagwirizana n'komwe. Mfundo yakale ya malamulo oipitsa mbiri imati wobwereza bodza ali ngati wolinena koyamba, ndipo kuwonjezera kuti "akuti" kapena "ndangolandira, sindikudziwa ngati n'zoona" sikumuchotsa munthu pa mlandu. Ku South Africa mu 2013, pa mlandu wa Isparta ndi Richter, mayi wina analemba zonyoza mkazi wakale wa mwamuna wake pa Facebook n'kuikapo dzina la mwamunayo. Mwamunayo sanalembe kanthu, koma khoti linati ankadziwa ndipo analola dzina lake kukhalapo, choncho onse awiri analamulidwa kulipira R40,000. Ku Australia mu 2021, pa mlandu wa Voller, khoti lalikulu linagamula kuti makampani a nkhani omwe anali ndi masamba pa Facebook ankawerengedwa ngati ofalitsa ndemanga zolembedwa ndi anthu ena pansi pa nkhani zawo. Ku China, kuyambira 2013, uthenga woipitsa mbiri ukaonedwa ka 5,000 kapena kugawidwa ka 500, wolembayo akhoza kulowa m'ndende zaka 3, kutanthauza kuti anzake omwe akumuthandiza kufalitsa ndi omwe akumukulitsira mlandu.

Makhoti ena anaona patali. La ku Philippines mu 2014 linati lamulo loipitsa mbiri pa intaneti ligwire wolemba woyamba yekha, osati omwe angoyankhapo kapena kusonyeza kuti akondwera nazo. Khoti lapamwamba la Bombay mu 2021 linati adimini wa gulu la WhatsApp sangaimbidwe mlandu pa zolemba za membala pokhapokha zitaoneka kuti anagwirizana naye. Komabe adimini amene wauzidwa kuti pagulu pali uthenga woneneza munthu, n'kuusiya, akudziika pamalo ovuta kulikonse.

Nanga gulu lachinsinsi, kapena dzina lopeka? WhatsApp imabisa mauthenga panjira kotero kuti kampani ya foni singawawerenge, koma siyingaletse membala wa gulu kujambula screenshot. Milandu yambiri imayamba motero, ndi munthu wa m'gulu momwemo: wachibale wa wonenedwayo, wogwira naye ntchito, kapena wina amene munayambana naye kale. Dzina lopeka nalo ndi chophimba chopyapyala. M'mayiko ambiri simukadi imalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake, makampani a foni amasunga mbiri ya nambala ndi dera lomwe foni inali, ndipo khoti likhoza kulamula kuti aulule. Ku Tanzania, Maxence Melo, mmodzi mwa omwe anayambitsa tsamba la pa intaneti lokambiranapo nkhani la JamiiForums, anamangidwa mu Disembala 2016 atakana kupereka kwa apolisi mayina a anthu omwe ankalemba za katangale mobisa. Mu 2020 anapezeka wolakwa pa mlandu wosokoneza kafukufuku wa apolisi n'kulipitsidwa chindapusa cha mashilingi 3 miliyoni. Si eni masamba onse omwe angalolere kuvutika chotero chifukwa cha inu.

Mlandu suwola, ndipo wa pa intaneti umawolokanso malire a mayiko. Mu 2019 mayi wina wa ku Britain anamangidwa atangotera pa bwalo la ndege ku Dubai chifukwa cha mawu onyoza omwe analemba pa Facebook mu 2016, ali kwawo, okhudza mkazi watsopano wa mwamuna wake wakale. Anamulanda pasipoti kwa masabata angapo, ndipo anatuluka atalipira chindapusa cha ma dirham 3,000. Aliyense wopita kukagwira ntchito kapena kukaphunzira kunja amanyamula zolemba zake zonse zakale m'thumba.

Chilango chimayamba mlandu usanazengedwe

Anthu akamva kuti wina wamangidwa chifukwa cha uthenga, amafunsa kuti, "Kodi apezeka wolakwa?" Kawirikawiri limenelo si funso lalikulu. Milandu yambiri yamtunduwu siifika kumapeto. Imathetsedwa, imaiwalika, kapena imagwa pa apilo. Koma pofika nthawiyo munthu wagona m'chitolokosi, foni yomwe amachitira bizinesi yalandidwa ngati umboni, abale asonkha ndalama za belo ndi za loya, bwana wamuchotsa ntchito poopa kuipitsa dzina la kampani, ndipo mwezi uliwonse akupita kukhoti kukangouzidwa kuti mlandu waimitsidwa. Wokhala mumzinda amadya za tsiku lomwelo kapena za mwezi womwewo, ndipo lendi siyidikira chigamulo.

Stella Nyanzi, yemwe anali wofufuza pa yunivesite ya Makerere ku Kampala, anamangidwa mu Novembala 2018 chifukwa cha zomwe analemba pa Facebook zonyoza Pulezidenti Museveni. Mu Ogasiti 2019 anagamulidwa miyezi 18. Mu Febuluwale 2020 khoti lapamwamba linafafaniza chigamulocho, koma iye anali atakhala kale m'ndende kupitirira chaka. Ndime ya lamulo la Uganda yoletsa mauthenga okhumudwitsa inathetsedwa ndi khoti mu Januwale 2023 pa chifukwa chofanana ndi cha ku India. Miyezi yomwe anthu anakhala m'ndende palibe anawabwezera.

Ndipo cholinga cha kumanga kotere nthawi zambiri si munthu mmodziyo. Ndi anthu zikwizikwi omwe akuonerera, omwe mawa akaona madzi akuda akutuluka m'mpope amalemba, n'kufufuta asanatumize. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo aliyense amadziwerengera yekha.

Kodi ndiye malamulo onsewa achotsedwe? Ayi, ndipo amene wavulazidwapo ndi bodza la pa intaneti sangavomere zimenezo. Mu 2017 ndi 2018 mphekesera za pa WhatsApp zonena za anthu oba ana zinaphetsa anthu osalakwa m'madera angapo a India, mpaka kampaniyo inachepetsa chiwerengero cha magulu omwe munthu angatumizeko uthenga umodzi kufika pa 5. Ku England mu 2024, atsikana atatu ataphedwa ku Southport, bodza lonena za yemwe anawapha linafalikira pa intaneti ndipo zipolowe zinabuka m'mizinda ingapo. Palinso zopweteka zing'onozing'ono zomwe sizifika m'nyuzi: wogulitsa wojambulidwa n'kutchedwa wakuba popanda umboni, mtsikana yemwe zithunzi zake zachinsinsi zamwazidwa, mphunzitsi yemwe nambala yake ndi komwe amakhala zaikidwa poyera kuti anthu amuzunze. Anthu amenewa akufunika chitetezo cha lamulo, ndipo ambiri a iwo ndi osauka kuposa owanyozawo.

Muyeso wosiyanitsira lamulo labwino ndi loipa ulipo kale. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu pa ndale ndi zachikhalidwe la 1966, pa ndime 19, limati ufulu wolankhula ukhoza kuchepetsedwa pokhapokha zinthu zitatu zitakwanira: chiletsocho chilembedwe momveka m'lamulo, chikhale ndi cholinga chovomerezeka monga kuteteza mbiri ya ena kapena bata, ndipo chikhale chofunikiradi, chosapyola kukula kwa vutolo. Komiti yoyang'anira panganoli inafotokoza mu 2011 kuti ndende si chilango choyenera pa mlandu woipitsa mbiri, komanso kuti atsogoleri, ngakhale apamwamba kwambiri, ayenera kupirira kudzudzulidwa. Khoti la Africa la ufulu wa anthu ku Arusha linagamula mofananamo mu Disembala 2014 pa mlandu wa mkonzi wa nyuzipepala Lohé Issa Konaté, yemwe Burkina Faso inamutsekera miyezi 12. Mukayeza ndi muyeso umenewu, lamulo lolanga woopseza kupha munthu limadutsa bwinobwino. Lamulo lolanga "kukhumudwitsa" limagwa pa mfundo yoyamba yomwe.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mzinda umadziwa matenda ake kudzera m'madandaulo a anthu ake. Khonsolo ilibe maso m'khwalala lililonse. Amene amayamba kuona mlatho ukung'ambika, chimbudzi chikusefukira m'chitsime, kapena odwala akuchuluka modabwitsa, ndi munthu wamba. Pa 30 Disembala 2019 dokotala wa maso wa ku Wuhan ku China, Li Wenliang, anachenjeza anzake omwe anaphunzira nawo udokotala, pa gulu lawo la WeChat, za odwala omwe anali ndi matenda ofanana ndi SARS, nthenda yoopsa ya m'mapapo. Wina anajambula uthengawo n'kuufalitsa. Pa 3 Januwale 2020 apolisi anamuitana n'kumusainitsa kalata yomudzudzula kuti akufalitsa mphekesera. Anabwerera kuntchito, anatenga matendawo, omwe pambuyo pake anatchedwa COVID-19, ndipo anamwalira pa 7 Febuluwale. Mu Malichi apolisi anachotsa kalata ija n'kupepesa kwa banja lake. Madokotala ena omwe anaona zomwe zinamuchitikira m'masiku oyambirira aja anamva uthenga wa kalatayo, pa nthawi yomwe mzinda unkafunika kuti alankhule.

Ndiye munthu atani? Kukhala chete sindikukulimbikitsa. Koma pali kalembedwe komwe kamateteza wolemba popanda kufooketsa dandaulo. Lembani zomwe munaona ndi maso anu, tsiku lake ndi malo ake, ndipo sungani malisiti, zithunzi ndi mauthenga. Lozani ntchito yomwe yalephereka ndi ofesi yoyenera kuikonza, m'malo moneneza munthu payekha mlandu womwe simungautsimikize. Kufunsa kuti ndalama za msewu zinapita kuti n'kosiyana ndi kulemba kuti wakutiwakuti anazidya. Dandaulo lomwe munayamba mwalipereka kuofesi yoyenera, n'kukhala ndi umboni woti sanakuyankheni, limaima molimba kukhoti. Samalani ndi nkhope za ana, mayina a ogwiriridwa, nambala za foni za anthu ndi nkhani zomwe zili kale m'khoti, chifukwa zimenezi zili ndi malamulo akeake m'mayiko ambiri. Ngati mwalakwitsa, kukonza ndi kupepesa msanga kumachepetsa chipukuta misozi, koma mlandu ukangoyamba musafufute kanthu musanafunse loya, poti kufufutako kungatengedwe ngati kuwononga umboni. Ndinenenso mosabisa kuti komwe lamulo linalembedwa dala kuti ligwire otsutsa, kusamala konseku sikutsimikiza kuti simumangidwa.

Malamulo akusintha, ngakhale pang'onopang'ono. Ghana inachotsa mlandu wa upandu woipitsa mbiri mu 2001. Makhoti a Zimbabwe, Kenya ndi Lesotho anauthetsa pakati pa 2014 ndi 2018, ndipo khoti la ku Malawi linachita chimodzimodzi mu 2025. Zambia inachotsa mlandu wonyoza pulezidenti mu 2022. Koma m'mayiko angapo, pomwe malamulo akalewa akuchoka, malamulo atsopano a zamakompyuta akubweretsa milandu yomweyo ndi mayina ena, nthawi zina ndi zilango zokulirapo. N'chifukwa chake bilu iliyonse yonena za chitetezo cha pa intaneti ikafika ku nyumba ya malamulo, ndime zofunika kuziwerenga mwachidwi ndi zomwe zili ndi mawu ngati "kukhumudwitsa", "kusautsa" ndi "zabodza".

Ngakhale lamulo litathetsedwa, nkhani imachedwa kufika kupolisi. Mu 2021, patadutsa zaka 6 ndime 66A itafa, bungwe la People's Union for Civil Liberties linauza khoti lalikulu la India kuti apolisi atsegula milandu yatsopano yoposa 1,000 pa ndime yomweyo, ndipo mu Okutobala 2022 khotilo linachita kulamulanso kuti pasapezeke wina wozengedwa nayo mlandu. Choncho munthu akaitanidwa kupolisi chifukwa cha zomwe analemba, asapite yekha, asasaine chikalata chomwe sanachiwerenge, ndipo afunse mwaulemu kuti akumuimba mlandu pa lamulo liti ndi ndime iti. Alembe yankholo n'kulipereka kwa loya kapena bungwe lothandiza anthu pa zamalamulo tsiku lomwelo, chifukwa nthawi zina ndimeyo imapezeka kuti khoti linaithetsa kalekale.